Mmene mungakonzekeretsere timu ya koleji yaing'ono ikalowa m'ndime ya chipulula

Mphunzitsi aliyense amene anayendetsapo timu ya mpira wamiyendo pakoleji yaing'ono, ngati makoleji amene tili nawo kuno ku Dedza, amadziwa kuti masewero a m'magulu ndi masewero a chipulula safuna makonzekeredwe ofanana. M'magulu, timu ikagonja Loweruka lino imakhala ndi mpata wokonza zolakwika Loweruka linalo, ndipo mapointi amene yataya ikhoza kuwabweza pang'onopang'ono. M'chipulula, wezulo yomaliza ikalira muli kumbuyo, mumapinda mayunifomu n'kudikira chaka chamawa, pamene theka la anyamata anu lidzakhala litamaliza maphunziro n'kubwerera kwawo. Ndathandizapo timu ya koleji ina m'boma lino kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndaona n'chakuti timu yaing'ono kawirikawiri imatuluka mumpikisano chifukwa cha zinthu zimene zinachitika isanaponde m'bwalo: mapepala osalongosoka, ulendo woyamba mochedwa, mayeso ogundana ndi masewero, mapenate osayeserera, ndiponso chisangalalo cha chipambano cha sabata yapita. Malangizo awa ndawalemba poganizira aphunzitsi azamasewero, makaputeni ndi makomiti a ophunzira, ndipo ambiri mwa iwo agwiranso ntchito ku matimu a mpira wamanja, ngakhale kuti zitsanzo zanga zachokera ku mpira wamiyendo.

Malamulo ndi mapepala

Timu ikangodziwa kuti yadutsa m'gulu, pezani malamulo a mpikisanowo olembedwa papepala, osadalira zimene mnzanu wakuuzani pafoni. Mipikisano ya makoleji, ya sukulu za sekondale ndi zikho zimene FAM imayendetsa, monga FDH Bank Cup imene inayamba mu 2021, yonse imatsata malamulo 17 a mpira wamiyendo, koma uliwonse uli ndi mfundo zakezake pa zinthu zimene malamulowo amasiyira okonza mpikisano. Werengani kuti mudziwe ngati matimu akalepherana amawonjezera mphindi 30 kapena amalunjika ku mapenate, kuti mungasinthe osewera angati, ngati makadi achikasu a m'magulu amawerengedwabe m'chipulula, ndiponso nthawi imene dandaulo liyenera kuperekedwa masewero akatha. Mfundo yomalizayi ambiri amaiphonya, chikhalirecho dandaulo lofika mochedwa, kapena lopanda ndalama imene malamulo atchula, silimvedwa ngakhale likhale loona.

Mukatero konzani mapepala a osewera anu ngati kuti anzanu adzawafufuza mmodzimmodzi, chifukwa mukawagonjetsa adzaterodi. Wosewera aliyense akhale ndi chiphaso cha pakoleji chokhala ndi chithunzi, ndipo dzina lake lilembedwe mofanana pachiphasocho, pachiphaso cha unzika ndi pandandanda umene munapereka kwa okonza mpikisano. Mapepala onsewa azisungidwa ndi munthu mmodzi amene sasewera, m'kathumba kapulasitiki, ndipo aziwerengedwa galimoto isananyamuke.

Chiyeso chachikulu pa nthawi imeneyi ndi wosewera waganyu. Pa Linthipe, pa Bembeke kapena pa Lobi sipasowa mnyamata wodziwa kumwetsa zigoli amene si wophunzira wanu, ndipo nthawi zonse m'komiti mumapezeka wina wonena kuti akavala yunifomu palibe amene angamuzindikire. Chaka china ife tinamvera uphungu wotere. Tinapambana pabwalo, tinaimba njira yonse pobwerera, koma pofika Lachitatu panabwera kalata yonena kuti timu imene tinaigonjetsa ndiyo ikupitirira, pakuti mmodzi mwa ochemerera awo anali msuweni wake wa mnyamatayo. Kuno anthu amadziwana kumaliro, kutchalitchi ndi kumsika, ndipo ophunzira enieni amene anatuluka thukuta miyezi itatu anagonja patebulo chifukwa cha munthu mmodzi amene tinamubwereka.

Kalendala ya maphunziro nayo imagwetsa matimu ambiri mwakachetechete. Ndime ya chipulula imakonda kugwa kumapeto kwa teremu, pamene mayeso ayandikira, ndipo koleji iliyonse ili ndi nyengo imene ophunzira ake amabalalika. Ophunzira zauphunzitsi, ngati a ku St Joseph's pa Bembeke, amatumizidwa kusukulu za pulayimale kukaphunzitsa moyeserera, pamene ophunzira zankhalango ku Chongoni amakhala ndi ntchito zawo zakutchire. Choncho tengani masiku a masewero onse, mpaka ndime yotsiriza ngakhale mukukayika kuti mukafika, mukakhale nawo pansi ndi akulu a koleji ndi osunga chuma, kuti chilolezo cha osewera, mafuta a galimoto ndi ndalama ya chakudya zivomerezedwe kamodzi. Kupempha ndalama Lachisanu madzulo pa ulendo wa Loweruka m'mawa kumatha ndi mkangano, ndipo mkanganowo anyamata amaumva. Onetsetsaninso kuti muli ndi goloboyi wachiwiri amene wayeserera kwenikweni, osati wotchinga kumbuyo amene mudzangomuveka magolovesi zinthu zikavuta.

Ulendo wotsika phiri

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene gombe la nyanja ya Malawi lili pa mamita osakwana 500. Kusiyana kumeneku wosewera amakumva m'thupi. Anyamata amene azolowera kuyeserera mumphepo ya m'phiri, akatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, Mtakataka kapena Salima mu Okutobala, amakapeza dzuwa limene limawafooketsa chigawo choyamba chisanathe. Ngati mukudziwa kuti masewero anu akachitikira kuchigwa, sinthani nthawi yoyeserera kwa masiku khumi kapena kuposerapo, muziyeserera masana dzuwa lili pamutu, pa ola limene masewerowo adzayambe, m'malo modikira kachisisira kamadzulo. Osewera ayambe kumwa madzi ambiri dzulo lake, osadikira ludzu la pabwalo. Nyamulani madzi anuanu m'zigubu, pamodzi ndi mapaketi a ORS. Ngati mapaketiwo palibe, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Galimoto ithiridwe mafuta dzulo lake, chifukwa tonse tikudziwa mizere ya pamalo omwetsera mafuta mmene imakhalira mafuta akasowa. Konzani zofika pabwalo maola awiri masewero asanayambe. Ulendo wa ku Lilongwe, wa makilomita pafupifupi 85, umaoneka waufupi, koma minibasi yodzaza anthu 18 ndi zikwama zawo, yoima pa zipata za apolisi, imafikitsa osewera miyendo itauma. Nsima idyedwe maola atatu masewero asanayambe, ndipo pakatipa azingodya nthochi, buledi kapena mbatata yophika. Amene mukupita cha ku Ntcheu kapena ku Balaka, musalole galimoto kuima pa Lizulu kuti anyamata agule tchipisi chapachiwaya ndi nyama yowotcha popita. Zimenezo n'zapobwerera.

Mukakhala pakwanu, nyengo yomweyi imakhala mbali yanu. Mu Juni ndi Julaye alendo ochokera kunyanja amafika atazizidwa, ndipo mphepo ya madzulo imanyamula mpira wam'mwamba m'njira imene goloboyi wachilendo saidziwa. Kaputeni wanu adziwe mbali imene mphepo imaombera ndi kumene dzuwa limalowera, kuti akapambana pa ndalama yoponya asankhe golo mwanzeru.

M'bwalo

Timu yaing'ono ikakumana ndi timu yoiposa mphamvu, isayese kusewera ngati iyo. Masabata awiri sakwanira kuphunzitsa anyamata kaseweredwe katsopano, choncho limbikitsani zimene akuzidziwa kale: otchinga kumbuyo ndi osewera pakati akhale moyandikana, mpira ukatayika aliyense abwerere pamalo pake, ndipo wothamanga kwambiri mwa anyamata anu adikire mpira umodzi wautali kutsogolo. Nthawi yambiri yoyeserera ipite ku makona ndi mafirikiki, omenya ndi otchinga omwe, chifukwa mpira woima ndi umene umafananitsa timu yosauka ndi yolemera. Ngati n'kotheka tumizani munthu mmodzi wodziwa mpira akaonere anzanuwo akusewera, abwere ndi zinthu zitatu zokha: amene amamenya makona awo ndi phazi limene amagwiritsa ntchito, wotchinga kumbuyo wawo wochedwa, ndi mmene goloboyi wawo amachitira ndi mpira wam'mwamba.

Chigoli chamsangamsanga chimasangalatsa, koma chimafuna mutu woziziritsa. Ambiri tikukumbukira Januwale wa 2022 ku Cameroon, pamene Flames inafika m'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa Cup of Nations n'kukumana ndi Morocco. Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chapatali mphindi khumi zisanakwane, dziko lonse linaimirira, koma Youssef En-Nesyri anabweza chigolicho chigawo choyamba chili pafupi kutha, ndipo Achraf Hakimi anamaliza nkhani ndi firikiki m'chigawo chachiwiri, masewero n'kutha 2-1. Phunziro limene ine ndimapatsa anyamata kuchokera pamenepo lili pawiri. Mphindi zisanu zomaliza za chigawo choyamba ndi zoopsa kwa timu imene ikutsogola, chifukwa maganizo amakhala atafika kale kopumulira. Ndiponso timu imene yapanikizidwa nthawi yaitali imayamba kuchita mafaulo pafupi ndi bokosi, ndipo pamenepo timu yaikulu siphonya. Uzani otchinga kumbuyo anu kuti pamtunda wa mamita 25 kuchokera pagolo aziima ndi mapazi awo, osagwetsa munthu amene wafulatira golo.

Woyimbira masewero azilankhulidwa ndi kaputeni yekha, mwaulemu, manja ali kumbuyo. Khadi yachikasu yotenga chifukwa cha pakamwa ikhoza kukuchotserani wosewera wodalirika m'ndime yotsatira. Ochemerera anunso muwalankhule asanakwere galimoto, pakuti akalowa m'bwalo kapena kuponya miyala masewero n'kuimitsidwa, chilango chimagwera timu yanu. Za mankhwala okwirira pagolo ndi zokana kulowera pachipata sinditaya nazo mawu ambiri. Ndalama imene ena amapereka kwa asing'anga ingagule mipira iwiri yabwino, ndipo pakoleji, pamene pali ophunzira a mipingo ndi zikhulupiriro zosiyanasiyana, nkhani imeneyi imagawa timu pa sabata imene ikufunika kukhala imodzi.

Mapenate

Pano ndikhalitsapo, chifukwa timu yaing'ono imene yatchinga bwino mphindi 90 nthawi zambiri imathera pa mapenate, ndipo ndi pomwe aphunzitsi ambiri amangoti zili kwa Mulungu. Mapenate amayesereredwa ngati china chilichonse. Kuyambira tsiku limene mwadutsa m'gulu, tsirizani kuyeserera kulikonse ndi mapenate, anyamata atatopa kale, ndipo chitani zonse monga zidzachitikire: osewera aime pakati pa bwalo, womenya ayende yekha kuchokera pamenepo mpaka pa kadontho ka mamita 11, aike mpira yekha, adikire wezulo. Itanani ophunzira ena adzaime kumbuyo kwa golo akukuwa ndi kunyoza, chifukwa mnyamata amene amagoletsa khumi mwa khumi pabwalo lopanda anthu akhoza kunjenjemera mawondo atsikana a m'kalasi mwake akayamba kumutchula dzina. Lembani m'kabuku amene wagoletsa ndi amene waphonya tsiku lililonse. Pakatha masabata awiri kabukuko kadzakuuzani zinthu zodabwitsa, monga zakuti womwetsa zigoli wanu wotchuka ndi wachisanu ndi chimodzi pamndandanda, pamene wotchinga kumbuyo wofatsa uja saphonya.

Malamulo a mapenate muwadziwe bwino, chifukwa amakhudza zimene muyenera kuchita masewero asanathe. Omenya ndi okhawo amene ali m'bwalo pamene wezulo yomaliza yalira, choncho ngati katswiri wanu wa mapenate ali pabenchi, mulowetseni kukadali mphindi zingapo kuti akhudzeko mpira. Timu iliyonse imamenya mapenate asanu mosinthana, ndipo akafanana amapitiriza mmodzimmodzi mpaka wina ataphonya mnzake atagoletsa. Palibe amene amamenya kachiwiri onse asanamenye, kuphatikizapo goloboyi, motero mndandanda wanu ukhale wa anthu 11, osati asanu okha. Ngati timu ina yatsala ndi osewera ochepa chifukwa cha khadi yofiira, timu yokhala ndi ambiri imachotsa ena kuti chiwerengero chifanane, ndipo muyenera kudziwiratu amene mudzamuchotse. Mpira ukabwerera kuchokera kwa goloboyi kapena pamtengo, womenya saloledwa kuumenyanso. Womenya akhoza kuzengereza pothamanga, koma akafika pampira n'kunamizira kumenya kuti goloboyi agwe, amalandira khadi yachikasu ndipo penateyo imawerengedwa ngati yophonya.

Mndandanda wa omenya muulembe dzulo lake, musadzafunse pabwalo kuti ndani akufuna kumenya, pakuti amene amakweza dzanja mwachangu nthawi zina amangoopa kuoneka wamantha. Omenya bwino kwambiri muwaike poyamba ndi pachinayi. Kusunga katswiri kuti adzamenye yachisanu n'kutchova njuga, chifukwa yachisanuyo ikhoza osafika. Pa ndime yotsiriza ya Africa Cup of Nations mu Febuluwale 2022, Egypt inasunga Mohamed Salah kuti adzamenye yomaliza, koma anzake awiri anaphonya, Sadio Mané anagoletsa ya Senegal, zinthu n'kuthera pa 4-2 Salah asanaukhudze mpira. Woyimbira akaponya ndalama kaputeni wanu n'kupambana, ine ndimalangiza kuti asankhe kuyamba, chifukwa mnyamata wa pakoleji amamenya momasuka pamene sakuthamangitsa chigoli cha mnzake.

Womenya asankhe mbali asanachoke pakati pa bwalo ndipo asasinthe maganizo panjira. Wezulo ikalira apume kamodzi asanathamange. M'mabwalo athu afumbi kadontho ka penate kamakhala kadzenje, choncho aphunzire kuika mpira pamalo okwera pang'ono a kadonthoko ndi kuona pamene phazi loimira lidzaponde. Goloboyi ayenera kukhala ndi gawo la phazi limodzi pamzere, kapena kumbuyo kwake, pamene mpira ukumenyedwa. Uphungu wanga kwa magoloboyi a makoleji ndi wakuti asagwe msanga. Mwa mapenate amene ndawaona pamlingo umenewu, ambiri amamenyedwa mopanda mphamvu ndi munthu wamantha, ndipo amadutsa pafupi ndi pakati, pamalo pamene goloboyi akadaugwira akadangoima kamphindi kena. Amene waphonya, kaputeni apite akamutenge n'kumubweretsa pamzere wa anzake, chifukwa omenya otsatira amaona mmene wolakwa akulandiridwira.

Sabata yotsatira chipambano chachikulu

Nthawi yoopsa kwambiri kwa timu yaing'ono ndi masiku otsatira tsiku limene yagwetsa chimphona. Izi sizichitika kwathu kokha. Ku America, kumene mpikisano wa basketball wa makoleji umaseweredwa mwa chipulula m'mwezi wa Malichi, timu ya yunivesite ya UMBC, imene inaikidwa pa nambala 16, malo otsiriza m'chigawo chake, inagonjetsa Virginia ya pa nambala 1 ndi mapointi 74 kwa 54 mu 2018, chinthu chimene chinali chisanachitikepo mumpikisano wa amuna. Patangopita masiku awiri inagonja kwa Kansas State 50 kwa 43 n'kutuluka. Timu imene yapambana mosayembekezeka imakhala itathera mphamvu zonse ndi mtima wonse pa masewero amodzi, ndipo anzawo otsatira amabwera atachenjera kale.

Pakoleji yaing'ono zimene zimachitika n'zodziwika. Anyamata amanyamulidwa m'mwamba, amalandira moni kwa aphunzitsi amene sankawadziwa mayina, ndipo Lolemba theka la timu silibwera kudzayeserera. Alangizi atsopano amatulukira, aliyense ndi maganizo ake a amene ayenera kusewera, ndipo ophunzira amene anakana kulowa timu pachiyambi amayamba kufuna yunifomu. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Lolani chisangalalo cha usiku umodzi, chopanda mowa, ndipo Lamlungu anyamata apume. Lolemba yang'anani wosewera aliyense payekha, chifukwa amene wabinya bondo kapena kakolo amabisa poopa kusiyidwa, ndipo amene akumva kuphwanya m'thupi mutabwerera kuchigwa apite kuchipatala akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Kuyeserera kwa masiku awiri oyamba kukhale kopepuka. Musasinthe timu imene yapambana pongofuna kusangalatsa munthu waudindo, ndipo ndalama iliyonse imene akufuna kwabwino apereka ilembedwe ndi kulengezedwa pamaso pa osewera onse, pakuti mphekesera yakuti aphunzitsi adya ndalama imaononga timu msanga kuposa kuvulala. Pokonzekera masewero otsatira, lankhulani za anzanu atsopanowo kuyambira Lachiwiri, ndipo dzina la timu imene munaigonjetsa lisamvekenso pabwalo loyeserera.

Tsiku lotuluka

Matimu onse amatuluka kupatula imodzi, choncho konzekeraninso tsiku limeneli. Musadzudzule munthu pabwalo kapena m'galimoto, makamaka amene waphonya penate kapena goloboyi, pakuti mawa lake ayenera kukakhala m'kalasi ndi anthu omwewo amene amamuonerera. Ngati pali dandaulo loona, kaputeni alitchule kwa woyimbira, inu mulilembe tsiku lomwelo motsata malamulo aja munawerenga poyamba. Ngati palibe, gwiranani chanza ndi anzanu, anyamata adye, mubwerere kusanade, chifukwa msewu wokwera Khwekhwerere si woyenda usiku ndi dalaivala wotopa.

Musanabalalike, werengani mayunifomu, masokosi, mipira ndi magolovesi, chifukwa ophunzira amene akumaliza maphunziro amakonda kutenga yunifomu ngati chikumbutso, ndipo chaka chamawa timu imadzayamba ndi majezi asanu ndi anayi a manambala odumphadumpha. Sabata yomweyo itanani msonkhano waufupi, osewera asankhe wophunzira wa chaka choyamba amene adzasunge katunduyo, ndipo mumupatse kabuku ka mapenate kaja, pepala la malamulo, ndi tsamba limodzi lofotokoza ndalama zimene ulendo uliwonse unadya, ola limene munanyamuka ndi ola limene munafika.